Mwatsika basi ya ku Joni, musathamangire ku jimu mawa lake

Disembala aliyense nkhani yake ndi yomweyi. Munthu wakhala miyezi 10 akudzisamala ku Joni kuja, nsima anasiya, buledi anasiya, zakumwa zotsekemera sakuzidziwanso, m'mawa amadzuka kusanache kupita ku jimu kapena kukathamanga, mimba inalowa mpaka lamba anachita kuboolanso. Kenako akwera basi pa Park Station kuti akaone makolo, ndiye masiku awiri okha a pamsewu amufikitsa pa Wenela mapazi atatupa nsapato zikukana, akakwera pa sikelo ikuti wawonjezera makilo 3. Basi mtima wasweka. Mumumva akulumbira kuti sadya kanthu masiku atatu, ndipo mawa lake tambala asanalire ali kale pa msewu akuthamanga makilomita 10 ngati akulipira mlandu.

Ine zimenezi ndikuzikana, ndipo ndikuyankhula ngati munthu amene ndimadya mwa njira yomweyo kwa zaka 4 tsopano, ulendo umenewu ndauyenda kangapo. Sabata yoyamba mukatsika basi ndi yogona, yoyenda pansi, yomwa madzi ndi kudya ndiwo zokwanira. Jimu idikire kaye, kusala kudya kudikirenso. Thupi lomwe lapindidwa pa mpando maola 30 kapena 40 silinalakwe kanthu koti mulilange.

Kwa amene simukuidziwa nkhaniyi, ku South Africa kadyedwe aka amakatcha Banting, ena amati keto ngakhale keto ndi yokhwimirako. Umachepetsa kwambiri zasitachi ndi zashuga, nsima, mpunga, buledi, mbatata, chinangwa, Fanta ndi anzake onse, m'malo mwake umadya nyama, nsomba, mazira, masamba ambiri ndi mafuta osawaopa. Dzinalo linachokera kwa William Banting, bambo wa ku London amene ntchito yake inali yokonza maliro, yemwe mu 1863 analemba kakabuku kofotokoza mmene anachepetsera thupi atasiya mwa zina buledi, shuga, mowa ndi mbatatesi. Koma amene anazifalitsa kumwera kuno ndi Pulofesa Tim Noakes wa ku University of Cape Town, munthu amene kwa zaka zambiri ankauza othamanga kuti azikhuta zasitachi mpikisano usanayambe, kenako iye mwini atapezeka ndi matenda a shuga anatembenuka n'kunena poyera kuti ankalakwitsa. Buku lomwe analemba ndi anzake mu 2013 linagulidwa kwambiri moti mpaka m'malesitilanti munayamba kupezeka mbale za Banting. Bungwe la HPCSA lomwe limayang'anira madokotala kumeneko linamuzenga mlandu chifukwa cha zomwe anayankha mayi wina woyamwitsa pa Twitter mu 2014, mu 2017 anapezeka wosalakwa, ndipo apilo mu 2018 inatheranso mbali yake. Ambiri a ife tinazimvera konko, kwa mabwana ndi anzathu a kuntchito.

Tsopano taganizirani chimene chimachitikira thupi pa msewu uja. Kuchoka Johannesburg kudutsa Polokwane, Musina, Beitbridge, Masvingo, Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete pamene pamatentha ngati wakhala pafupi ndi uvuni, Zobue, Mwanza mpaka Blantyre ndi makilomita pafupifupi 1,700. Nthawi yonseyo mawondo ali opinda, katundu wina ali kunsi kwa mapazi, tulo n'toduladula chifukwa ukangoti ugone basi yaima anthu akutsika ndi mapasipoti. Madzi anthu amawaopa dala, aliyense akudziwa kuti ukamwa kwambiri uvutika basi isanaime. Ndiye chakudya chomwe chimabwera pawindo ndi chiyani? Buledi, mabisiketi, chipisi, sadza ndi nyama ya msuzi, nthochi, zakumwa zozizira. Kamba yemwe unanyamula watha musanafike Masvingo chifukwa unagawana ndi mnzako wa pampando, monga mmene timachitira. Njala ikakupeza pakati pa usiku pa boda umadya chomwe chilipo, ndipo ine sindiona cholakwika pamenepo.

Makilo 3 aja ndi amene amasokoneza anthu mitu ndiye tiwaunike bwino. Thupi limasunga shuga m'minofu ndi m'chiwindi, amamutcha glycogen, ndipo nkhokweyo ikadzaza imafika cha m'ma theka la kilo. Munthu wa Banting nkhokwe yake imakhala yosadzaza. Ukangodya buledi ndi sadza masiku awiri imadzazanso, ndipo galamu iliyonse ya glycogen imasunga madzi pafupifupi magalamu 3. Werengani nokha, apo pokha pakhoza kutuluka kilo imodzi kapena ziwiri. Komanso zasitachi zikakweza insulin, timadzi ta m'thupi totsitsa shuga m'magazi, impso zimagwira mchere osautaya, mcherewo umagwira madzi. Onjezerani madzi omwe atsikira m'mapazi chifukwa chokhala pansi, onjezerani m'mimba momwe simunayende masiku awiri. Pomwe kuti munthu apange kilo imodzi ya mafuta enieni pamafunika makalore pafupifupi 7,700 owonjezera pa zomwe thupi lagwiritsa ntchito, ndiye makilo 3 ndi makalore opitirira 23,000 m'masiku awiri. Palibe amene wadya zotero pa basi ngakhale atakhala wadyera chotani. Zambiri mwa zimene sikelo ikukuuzanizo ndi madzi, ndipo amachoka okha m'masiku ochepa mukangobwerera ku kadyedwe kanu n'kumayenda.

Zothamanga mawa lake zija ndimaziopa pa chifukwa china chachikulu kuposa sikelo. Kukhala malo amodzi nthawi yaitali kumachedwetsa magazi m'mitsempha ya m'miyendo ndipo nthawi zina amaundana. Bungwe la WHO linanena mu 2007 kuti ulendo wa maola 4 kapena kupitirira uli chikhalire umachulukitsa ngozi imeneyi pafupifupi kawiri, kaya ndi ndege, basi kapena galimoto. Maola 4 okha, ife timakhala kakhumi kuposa pamenepo. N'zoona kuti ambiri sizitichitikira, koma amene ali onenepa, amayi oyembekezera kapena amene akumwa mapilitsi olera, amene anachitidwa opaleshoni posachedwa, awa ali pa chiopsezo chokulirapo. Mapazi onse awiri akatupa mofanana kawirikawiri amakhala madzi chabe. Koma mwendo umodzi wokha ukatupa, katumba akuwawa, pakutentha ukapagwira, musasisite, musakathamange nawo, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mukamva kubanika kapena kulasa pachifuwa musadikire kuti kuche chifukwa magazi oundanawo amatha kuthawira ku mapapo.

China ndi ichi, minofu yomwe yauma madzi komanso yosagona mukaipatsa ntchito yoopsa mwadzidzidzi imatha kuphwanyika mkati mpaka zotsalira zake kukavulaza impso. Chizindikiro chake mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka kapena Coke, minofu ikuwawa modabwitsa. Zimachitikira anthu amphamvu omwe, makamaka aja abwerera ku jimu patapita nthawi n'kufuna kuyambira pomwe anasiyira. Nanga munthu wochita zimenezi ali pa kusala kudya, m'dzuwa la Disembala, mukuganiza kuti impso zake zikumva bwanji?

Ndipo pali nkhani ya malungo yomwe ndikufuna aliyense wochokera ku Joni aimve, chifukwa iyi inandigwera ine. Munthu ukasiyanso zasitachi pamakhala masiku angapo omwe mutu umawawa, thupi limafooka, nthawi zina chizungulire, a Banting amati keto flu ndipo mankhwala ake ndi madzi ndi kamchere basi. Chaka china nditatha sabata ndi theka kumudzi mutu unayamba kundiwawa, m'thupi kuphwanya, ine n'kumati ndi zomwezo, ndikumwa msuzi wa mchere masiku awiri. Mlongo wanga ndi amene anandigwira pamphumi n'kuti achimwene thupi latentha ili tiyeni mukayezetse, ndipo anali malungo. Ku Johannesburg kulibe malungo, ukakhalako zaka chitetezo chija unali nacho uli mwana chimachepa, ndiye wadutsa ku Tete usiku mawindo otsegula, wagona kumudzi nyengo ya mvula. Malungo amayamba kuoneka patatha masiku 7 kapena kuposerapo udzudzu utakuluma, nthawi yomweyomweyo imene ambiri amakhala akuyambiranso dayeti. Kusiya nsima sikutenthetsa thupi. Thupi likatentha kayezetseni, kuyezako ndi kadontho ka magazi pa chala ndi mphindi zosakwana 30.

Mmene ndimachitira ine masiku ano n'zosavuta. Masiku awiri oyamba ndimagona mmene thupi likufunira, miyendo nditaisanjika pa pilo, madzulo ndimangoyenda mphindi 20 kapena 30 kukapereka moni kwa achibale. Kugonako sikuti ndi ulesi ayi, munthu wosagona amamva njala kwambiri ndipo imakhala njala ya zotsekemera, ndiye kulimbana ndi dayeti uli ndi ngongole ya tulo ta masiku awiri n'kudzivuta chabe. Amene mwabwera pa ndege kuchokera ku America ndiye zanu n'zoposa, maola 6 kapena kuposerapo osiyana aja thupi silimawakonza tsiku limodzi, ife a basi mwayi wathu ndi woti nthawi ya Joni ndi ya kuno ndi imodzi. Tsiku lachitatu ndimayenda ola lathunthu, ndikakhala ku Blantyre zitunda zokha za ku Ndirande kapena Soche zimakwana. Cha tsiku lachisanu ndimayamba mapushapu ndi masikwati, kukakhala jimu ndimanyamula theka la zomwe ndimanyamula nthawi zonse ndipo ndimachoka ndisanatope. Sabata yachiwiri ndi pomwe ndimabwerera mwakale. Mphamvu za minofu sizithawa m'masabata awiri, mpweya wothamangira ndi umene umatsikako msanga koma umabwereranso. Ndipo ukakhala kumudzi Disembala anthu ali pa kupalira ndi kubandira, ingotenga khasu utsatire ena kumunda m'mawa maola awiri uone ngati ufunenso jimu.

Koma zonsezi n'zazing'ono. Mayeso enieni a munthu wa Banting ali pa mkeka wa amayi tsiku lofika. Akuphera nkhuku ya chikuda, aphika nsima ya ufa woyera umene akhala akusunga pomwe chimanga chikuvuta, chifukwa Disembala mpaka Febuluwale nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka, thobwa anafulula dzana atangomva kuti wanyamuka. Ndiye iwe ukhale pamenepo n'kukankha mbale kuti ine nsima ndinasiya? Ndinamuonapo mnyamata wina akuchita zimenezi pamaso pa mayi ake, akufotokoza za insulin, mayiwo anangotenga mbale ija mwakachetechete kubwerera nayo kukhitchini ndipo nkhope yawo sindiiwala. Ine ndimadya. Ndimasamba m'manja, mtanda umodzi ndimaumaliza ndi nkhuku yambiri, thobwa ndimamwako kapu. Ketosis, pamene thupi limayendera mafuta m'malo mwa shuga, yomwe anthu amaiteteza ngati dzira ija inasokonekera kale pa Nyamapanda, mtanda umodzi wa amayi sukuwonjezera kanthu koma tsiku limodzi lokha. Mlendo ndi mame, ndabwera masabata atatu pa chaka chonse, sindingayambe ndi kuwaswa mtima.

Mawa lake ndi pomwe ndimakamba nawo, tili awiri, osati pagulu. Amayi, nsima muzindiikira kamtanda kamodzi kakang'ono masana okha, koma ndiwo ndiye muchulutse. Ulendo woyamba anandiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa motsitsa mawu, ukudwala mwanangu, usandibisire. Ndipo funso limenelo musaliseke. Makolo athu anaika m'manda ana ambiri omwe anabwera kuchokera kutauni ndi kunja ataonda, kwa iwo mwana wobwera thupi litachepa akukana chakudya ndi chinthu choopsa. Ndinawakhalira pansi kuwauza za shuga yemwe anavutitsa malemu bambo mpaka maso kusiya kuona bwino, kuti adokotala anandiuza kuti nanenso ndinali panjira yomweyo, kuti chiyambireni kudya chonchi shuga wanga ali bwino. Zimenezo anazimva, chifukwa bambo anawadwazika ndi iwowo. Pakatha masiku anayi kapena asanu kamtanda kaja ndimakasiya ndipo palibe amene amadandaula.

Ena amati kadyedwe aka ndi ka anthu olemera. Ukayang'ana zomwe amagulitsa m'mashopu a ku Joni, ufa wa alimondi, mafuta a kokonati, buledi wa Banting wodula kuposa nyama, ungavomereze. Koma ine ndimadya Banting yabwino kwambiri ndikakhala kumudzi kuposa ku Joni. Nkhwani wotendera ndi nsinjiro, bonongwe, chisoso, therere, mpiru, bowa amene amamera nthawi yomweyi ya mvula, usipa, matemba, mazira a nkhuku zoyenda pabwalo, chiwindi, mang'ina ophika mpaka kufewa, ngumbi zokazinga zomwe mafuta ake zimatulutsa zokha, mapeyala nyengo yake ikafika. Nsinjiro zili ndi sitachi pang'ono inde koma mafuta ndi ochuluka, ndipo mbale ya nkhwani wotendera ndi mazira awiri imandisunga mpaka madzulo. Chimene chimandivuta ndi mango okha, Disembala amangogwa pabwalo, ndimadya limodzi patsiku ndipo ndinasiya kudziimba mlandu.

Komabe odandaulawo ali ndi mfundo imodzi yomwe ife a Banting sitifuna kuimva. Pakhomo pa anthu 8 nsima ndi imene imakhutitsa, ndiwo ndi zongotsitsira, kambale kamodzi ka usipa kamazungulira onse. Iwe ukasiya nsima n'kumadya ndiwo zokhazokha ndiye kuti ukudya gawo la ana. Ndaonapo matchona akuchita zimenezi osazindikira n'komwe, alamu akungoyang'ana poto akuchita manyazi kunena. Ndiye lamulo langa ndi lakuti amene wasiya nsima ndi amene agule ndiwo, ndipo agule za nyumba yonse, thireyi ya mazira, nsomba, nyama, mafuta ophikira, onse adye zomwezo. Ngati ndalama zimenezo palibe, idya nsima ndi anzako mpaka ubwerere, dayeti udzayambira ku Joni. Ndipo tisamayende m'mudzi kulalikira kuti nsima ndi poizoni. Agogo athu adya nsima moyo wawo wonse ali ndi matupi olimba chifukwa ankalima kuyambira m'bandakucha, ankayenda pansi kupita kumsika ndi kutchalitchi, shuga ndi Fanta zinali za pa Khirisimasi. Amene tavutika ndi ife okhala pa mpando tsiku lonse koma tikudya mitanda ya munthu wolima.

Madokotala amene amakayikira kadyedwe aka nawonso si adani athu. Kwa anthu ena mafuta oipa a m'magazi aja amati LDL amakwera akamadya mafuta ambiri a nyama, ndipo sungadziwe pongodziyang'ana pagalasi, n'chifukwa chake ine ndimayezetsa chaka chilichonse. Amene mukumwa mankhwala a shuga monga glibenclamide kapena mukubaya insulin musadule zasitachi mwadzidzidzi musanakambe ndi adokotala, shuga akhoza kutsika mpaka kukomoka, ndipo izi n'zoopsa kwambiri ukangochoka pa ulendo pamene nthawi zodyera ndi zomwera mankhwala zasokonekera kale. A BP chimodzimodzi, kamchere kowonjezera kaja si ka aliyense. Oyembekezera ndi odwala impso izi azisiye. Komanso tikamati mafuta sitikunena a pa chiwaya aja akhala akuwira kuyambira Lolemba mpaka ada bii, ndamvapo anyamata akudya nyama ya pa chiwaya tsiku ndi tsiku ndi mowa pambali n'kumati ali pa Banting chifukwa chipisi sanagule.

Januwale akafika ulendo ndi womwewo chobwerera, ndipo zonse ndanenazi zimagwiranso ntchito ukatsika pa Park Station, kungoti kumeneko ntchito imakhala ikukudikira ndiye ndimayesetsa kufika masiku awiri tchuthi chisanathe. Mpando ndimapempha wa m'mbali mwa kanjira kuti ndizitha kutambasula miyendo, basi ikaima paliponse ndimatsika ngakhale ndilibe chogula n'kuzungulira kangapo, ndili pampando ndimagwedeza mapazi ngati ndikupalasa njinga, madzi ndimamwa osawaopa makamaka tikamayandikira poima. Kamba amakonza ndi amayi ndipo pano sindichitanso kuwauza, usiku woti mawa ndinyamuka ndimamva poto akuwira, m'mawa ndimapeza mazira 10 owiritsa, mtedza wokazinga m'botolo ndi kamchere atakulunga pa pepala. Chaka chatha pansi pa jumbo anaikamonso zitumbuwa zinayi, ndipo pondiperekeza ku siteji anandiuza kuti izo si zako mwanangu, ukampatse amene ukhale naye pampando.